Tinaseka Tisanayang'anitsitse

Loweruka madzulo, tikangotsekera Sabata, mafoni athu amayamba kulira ngati anapiye. Tilipo asanu ndi atatu amene tinadzipereka pa ntchito ya zaumoyo pampingo pathu, ndipo tinatsegula gulu la WhatsApp kuti tizikumbutsana tsiku loyeza anthu BP, amene akusunga sikelo, ndi amene abweretse mabatire a makina. Koma tinene chilungamo: pa mauthenga khumi, a ntchito amakhala awiri kapena atatu. Ena onsewo ndi makanema oseketsa.

Alipo wa mwana amene akusinza atagwira mbamu ya nsima, mutu ukugwera uku ndi uku, koma mbamuyo osaitaya. Alipo wa tambala amene akuthamangitsa bambo wamkulu wovala suti mpaka kuzungulira nyumba kawiri. Wina ndi wa mbuzi imene yakhala phee pakaliyala wa njinga ngati yalipira. Sitichita nazo manyazi zimenezi. Pakati pathu pali amene akudwazika makolo, pali amene fizi ya ana ikuwasowetsa tulo. Munthu akaseka kuchokera pansi pamtima mapewa amamasuka, mpweya umalowa bwino, ndipo nkhawa imayamba yakhala pambali. Ifenso timauza anthu zimenezi tikamaphunzitsa za kupuma ndi mtendere wa mumtima.

Loweruka lina m'nyengo ya dzinja kunabwera kanema wojambulidwa padepoti ya minibasi. Mnyamata wovala malaya oyera anaima pakati pa anthu, maso ali tong'o, kenako anazungulira kamodzi n'kugwa chagada. Manja ndi miyendo zinayamba kugwedezeka. Wina anali ataikapo nyimbo yovina, ndipo kugwedezekako kunkagwirizana ndi ng'oma ngati anachita kuyeserera. Pamwamba panalembedwa kuti, "Kachasu wa m'mawa." Chakumapeto wojambulayo anayandikitsa foni kuti tione kuti buluku lanyowa.

Tinaseka. Ndipo sitinalekere pomwepo: tinatumiza kwa abale athu, kwa anzathu a kuntchito, kwa amene tinaphunzira nawo ku sekondale. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa asanu ndi atatufe amene anati, "Taimani kaye."

Patapita masabata atatu tinali ndi tsiku loyeza anthu kwaulere pabwalo la tchalitchi. Linali Lamlungu. Panabwera mayi wina wachikulire amene si wa mpingo wathu, ndipo BP yawo inali yokwera kwambiri. Tinawapumitsa pamthunzi, tinayezanso, koma sinatsike. Titawafunsa ngati amagona bwino, anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ana anga, ndigona bwanji? Mwana wanga satulukanso m'nyumba. Amadwala khunyu kuyambira ali wamng'ono. Mankhwala anamuthera, ndiye tsiku limenelo amapita kukatenga ena kuchipatala. Anagwera padepoti. Anthu anamujambula, ndipo kanemayo wafika mpaka kwa amalume ake ku Johannesburg. Akuti ndi chidakwa. Mwana amene mowa sanaulawepo chibadwire."

Sitinafunikire kufunsa mtundu wa malaya amene anavala. Mmodzi wa ife anapitiriza kulemba manambala m'kope, koma dzanja linkanjenjemera. Mayiwo sankadziwa kuti akulankhula ndi anthu amene anathandiza kuti kanemayo ayende.

Madzulo ake tinakhala pansi n'kumuoneranso kanema uja, ulendo uno titazimitsa mawu. Nyimbo itachoka, panalibenso choseketsa. Tinaona zimene timaphunzitsa ena kuti azizizindikira: kuyang'ana malo amodzi osaphethira, thupi kuuma, kugwedezeka kobwerezabwereza, thovu kukamwa, mkodzo kutuluka munthu asakudziwa. Tinaonanso mutu wake ukumenyetseka pansi pouma popanda woikapo ngakhale chitenje. Anthu anamuzungulira, koma chapatali. M'mbali mwa chithunzicho tinawerenga mafoni ena atatu atakwezedwa m'mwamba. Manja amene akanateteza mutu wake anali otanganidwa ndi kujambula.

Khunyu ndi matenda a muubongo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi matendawa, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka, ndipo mpaka 70 mwa 100 alionse akhoza kukhala osagwa atamalandira mankhwala oyenera. Ena amayamba kudwala chifukwa chovulala m'mutu, ena chifukwa cha zovuta pobadwa, malungo a muubongo kapena matenda oumitsa khosi. Sapatsirana. Malovu a wodwala sangakupatseni khunyu, ngakhale ambiri amaopa zimenezi n'kumaima patali. Ndipo munthu amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku akawasiya mwadzidzidzi, monga zinachitikira mnyamatayu atamuthera, kugwa kumabweranso mosavuta.

Chofunika kuchita si chovuta. Chotsani zinthu zimene zingamuvulaze, makamaka moto ndi madzi. Ikani chinthu chofewa pansi pa mutu wake ndipo masulani chovala chothina m'khosi. Musamupanikize kuti asiye kugwedezeka, ndipo musaike supuni, chala kapena china chilichonse m'kamwa mwake. Mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke ndipo apume bwino. Musamupatse madzi kapena chakudya mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Yang'anani nthawi: ngati kugwedezeka kwapitirira mphindi 5, ngati kwabwereza asanatsitsimuke, ngati wavulala, ngati ndi mayi woyembekezera, kapena ngati n'koyamba, thamangirani naye kuchipatala. Foni ili ndi ntchito pamenepo, yoonera nthawi ndi kuitanira galimoto.

Si khunyu yokha imene imaoneka ngati kuledzera. Wodwala shuga, shugayo akatsika kwambiri, amatuluka thukuta, amadzandira, amalankhula zosamveka, mwinanso kukwiya popanda chifukwa. Amene wagwidwa ndi sitiroko pakamwa pamapotoka, mkono umodzi umalefuka, lilime limalemera. Zonsezi ife tinkazidziwa. Tinaziphunzira, tili ndi makope ake. Koma nyimbo ija ndi mawu atatu aja zinatiuziratu choti tione, ndipo tinaona chomwecho.

Tinakambirana nthawi yaitali ngati tipite kukapepesa. Ena ankati tikangowonjezera chilonda, popeza banjalo silikudziwa. Ena ankati kukhala chete n'kudziteteza tokha. Pomaliza tinapita atatu, titanyamula shuga ndi sopo monga mwa mwambo wokaona wodwala. Mayi aja anatiyalira mphasa pakhonde. Mnyamatayo anatuluka patapita nthawi, n'kukhala pampando chakutali. Pachipumi panali chipsera chatsopano.

Tinafotokoza zonse, osabisa. Anamvetsera osatidula mawu. Titamaliza anafunsa funso limodzi lokha.

"Inunso makolo anga munaseka?"

"Tinaseka, achimwene. Tinalakwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatiuza kuti iye sakumbukira chilichonse cha nthawi imene anagwa. Anangodzidzimuka ali pansi, zovala zitanyowa, ndalama ya minibasi kulibe. Zimene zinamuchitikira anazionera pafoni ya mnzake, nyimbo ili pamwamba. "Anthu onse anaona tsiku langa loipa," anatero, "ine ndinali womaliza kuliona." Ntchito yake ndi yokonza mafoni pakabenchi pamsika, ndipo anati chimene chinamulepheretsa kubwererako n'chakuti mafoni amene anthu amamubweretsera, ena mwa iwo muli iye.

Sitinganene kuti anatikhululukira tsiku lomwelo. Sananene choncho, ndipo sitinamukakamize. Mayi ake ndi amene anatiperekeza mpaka pamsewu, n'kutipempha kuti tizibwera kudzawayeza BP.

Nkhani yotereyi sinayambe ndi ife. Mu 2002 mnyamata wina wa sukulu ku Quebec, m'dziko la Canada, anadzijambula yekha akuzunguza ndodo motsanzira ankhondo a mufilimu ya Star Wars. Sankafuna kuti wina aone. Anzake anapeza tepiyo n'kuiika pa intaneti mu 2003, YouTube isanayambe n'komwe, ndipo anthu mamiliyoni anaonera. Mnyamatayo anasiya kupita kusukulu ija chifukwa chosekedwa, ndipo panapita zaka pafupifupi khumi asanavomere kulankhula poyera za mmene zinamupwetekera. Ambiri mwa amene anamuseka sanali anthu ankhanza. Anali anthu ngati ife, otopa ndi tsiku, ofuna kusekako pang'ono.

Nawonso eni WhatsApp anaona kuti kutumiza n'kosavuta mopitirira muyeso. Mu 2019 anachepetsa kuti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha nthawi imodzi, ndipo mu 2020 anachepetsanso kuti uthenga umene wayenda kale kwambiri uzitumizidwa kumalo amodzi okha. Koma zimenezi zimangochedwetsa chala. Kanema wa padepoti uja anafika kwa ife ali ndi timivi tiwiri tosonyeza kuti wadutsa m'manja ambiri, ndipo ife tinangoona ngati umboni woti ndi woseketsadi.

Sitinasiye kutumizirana makanema. Tambala uja akadali kuthamangitsa bambo wa suti, ndipo timasekabe. Chimene chasintha n'chakuti tisanatumize timayamba tadzifunsa: kodi munthu ali m'kanemayu akanakhala nafe pano, akanaseka nafe limodzi? Mwana wosinza ndi nsima, makolo ake ndiwo anajambula, ndipo akadzakula mwina adzaseka yekha. Koma wogwa pamsewu, wodwala misala amene akuvula pamsika, gogo amene wasochera n'kumalankhula zosokonekera, mayi amene akulira mosadziletsa pamaliro, amenewo sanavomere kuti tiwaone. Tikakayikira, timazimitsa mawu n'kuoneranso. Nthawi zambiri yankho limapezeka pomwepo.

Kunyumba nakonso tayamba kukhala pansi ndi ana athu akamaseka pafoni. Sitiwalanda. Timati, "Tationetsa nafenso," ndipo tikaona kuti pali munthu amene akuvutika, timawafunsa kuti akanakhala pamalopo akanachita chiyani. Ana amamva msanga kuposa mmene timaganizira. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo masiku ano chikakuona pamakhala foni pafupi.

Pa tsiku loyeza anthu lotsatira tinawonjezera phunziro la mphindi khumi la mmene tingathandizire munthu wogwa khunyu. Mmodzi wa ife amagona pamphasa, wina amasonyeza kuika chitenje kumutu ndi kumutembenuzira chammbali. Anthu amaseka tikamachita zimenezi, ndipo timawalola, chifukwa wogona pamphasayo wavomera yekha.

Mnyamata uja anabwerera pabenchi yake patapita miyezi iwiri. Mankhwala akumwa, ndipo tsopano amapita kukatenga ena akatsala a sabata imodzi. Padepoti paja sakwererapo. Amayenda wapansi mpaka siteji yotsatira. Mwezi wathawu kanema wake anabweranso pafoni ya mmodzi wa ife, kuchokera kwa msuweni wa kutali, ali ndi nyimbo ina yatsopano. Tinamufufuta, ndipo tinaimbira foni wotumizayo n'kumufotokozera kuti munthuyo timamudziwa komanso chimene chinkamuchitikira. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Pepani, sindinadziwe." Ifenso tinamuuza kuti tsiku lija sitinadziwe, ngakhale kuti tinali ndi zonse zotiyenereza kudziwa.