Nkhope ya Wendy Byrde mumdima

Mkangano wa awiriwa unayamba Lamlungu lina pa foni. Mchimwene, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ankaonera Ozark pa Netflix. Mlongo wake ku Mchinji anali ndi filimu yomweyo pa fulashi, masizoni onse anayi atapanikizidwa kuti akwanemo. Chiyambire kusiyana kwawo, nkhani ya banja la Byrde, limene limabisa ndalama za gulu logulitsa mankhwala ozunguza bongo la ku Mexico, ndiyo inkawachezetsa nthawi yaitali kuposa za maliro ndi za feteleza.

"Achimwene, Wendy uja ndi wamantha chabe," anatero mlongoyo.

"Iwe, kodi sunamuone m'maso?"

Zoonadi sanamuone. Ozark, imene inaulutsidwa kuyambira 2017 mpaka 2022, inajambulidwa dala mwamdima, ndi mtundu wa buluu wozizira. Laura Linney, yemwe amasewera ngati Wendy, amanena zambiri ndi nkhope osati ndi pakamwa, ndipo kawirikawiri theka la nkhopeyo limakhala mumthunzi. Pa kanema wa mlongoyo mthunziwo unali bii, wamigwalamigwala ngati khoma lopakidwa laimu mothamanga.

Chifukwa chake n'chamasamu. Chithunzi cha kanema chimapangidwa ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu. Mu vidiyo ya 8-bit, kuwala kulikonse kuli ndi masitepe 256 kuchokera pakuda kufika powala, ndipo onse pamodzi amapereka mitundu pafupifupi 16.7 miliyoni. Mu ya 10-bit masitepewo ndi 1,024, mitundu n'kupitirira biliyoni imodzi. Chithunzi cha masana sichionetsa kusiyanaku kwenikweni. Cha usiku chimadalira masitepe ochepa a kumunsi okha, choncho mthunzi woyenera kuzimirira pang'onopang'ono umaduka mizeremizere. Fayilo ikachepetsedwanso, kompyuta imataya zimene ikuganiza kuti diso silingazione, ndipo malo amdima ndiwo amavulala msanga. M'filimu ya zaupandu, mumdimamo ndimo mumakhala umboni: dzanja lonjenjemera, diso lozemba, munthu woima kuseri kwa chitseko.

Mlongoyo analibe kanema wa 10-bit, koma anabwerera kwa mnyamata wa kompyuta pamsika napempha fayilo yaikulu, sizoni imodzi yokha m'malo mwa zinayi. Mnyamatayo anadabwa, pakuti makasitomala ake amafuna zambiri pa ndalama zochepa. Usiku umenewo anazimitsa nyale, nakhala moyang'anizana ndi kanemayo. Mizere ina inalipobe, koma nkhope inaoneka.

Lamlungu lotsatira ndiye anayamba kuimba.

"Achimwene, ndamuona. Mantha ali nawo ndithu, koma zimene akuchitazi zikumukomera."

Mchimweneyo anakana, nati mantha palibe n'komwe. Anatsutsana mpaka mayunitsi anatha.