Fani ndi yotchipa, koma ndiyo mlonda wa kompyuta

Munthu akamagula zida zoti alumikize yekha kompyuta, maso amakhala pa purosesa, RAM ndi disiki, poti ndiko kumathera ndalama. Za mafani amakumbuka pomaliza. Koma kwa ife aphunzitsi akumudzi, amene timagwirira ntchito m'nyumba zamalata ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo, fani ndiyo imateteza zida zodula zija kuti zisapse.

Chaka chino ndalumikiza kompyuta yanga yoyamba, ya ndalama zomwe ndakhala ndikupatula pamalipiro kwa miyezi yambiri. Ndimalemberapo mayeso ndi kusungiramo malikisi a ana, choncho ikafa ntchito yaima. Bokosi lake linabwera ndi fani imodzi kumbuyo, ine n'kugula ena awiri a mamilimita 120. Funso linali lakuti ndiwalumikize pati.

Pa motherboard pali timano tachitsulo toima m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi dzina pambali pake. Polembedwa CPU_FAN ndi pa fani yoziziritsa purosesa. Pamenepo musaikepo ina. Mafani a bokosi malo awo ndi polembedwa SYS_FAN kapena CHA_FAN, malinga ndi kampani imene inapanga. Musanakhudze chilichonse, zulani chingwe cha magetsi kukhoma.

Pulagi ya fani imakhala ndi tizibowo titatu kapena tinayi. Pa titatu, tiwiri n'tamagetsi a 12V, kachitatu kamauza kompyuta liwiro la fani. Kachinayi, kotchedwa PWM, ndi komwe kompyuta imalamulirako liwirolo. Pulagi ya tizibowo titatu imalowa bwinobwino pa timano tinayi, ndipo pali kapulasitiki koilondolera kuti isalowe chozondoka. Kungoti mu BIOS musankhe DC pa fani yotereyi, apo ayi izingothamanga ndi mphamvu zonse, phokoso ngati chigayo.

Motherboard yanga ili ndi malo awiri okha a SYS_FAN, pomwe mafani ndi atatu. Apa ndinagwiritsa ntchito kachingwe kamphanda, kotchedwa splitter, kamene kamalumikiza mafani awiri pamalo amodzi. Pulagi yake imodzi imasowa dzino limodzi. Musati akuberani: anapanga dala kuti fani imodzi yokha ndiyo iziuza kompyuta liwiro.

Apa ndiye pofunika masamu a ku pulayimale. Pa ma motherboard ambiri malo amodzi amapirira 1A, ndipo kabuku kobwera nayo kamanena malire enieni. Fani iliyonse ili ndi kapepala pakati posonyeza magetsi amene imakoka. Anga analembedwa 0.2A, awiri n'kukhala 0.4A, kutali ndi malire. Koma wofuna mafani asanu kapena asanu ndi imodzi asawaunjike pamalo amodzi; agule hub yotenga magetsi pa chingwe cha SATA. Malowo akapsa, kuno kulibe wokonza, ndipo ulendo wa ku tauni wokha ungagule mafani angapo.

Chotsala ndi mayendedwe a mphepo. Mafani ambiri ali ndi timivi m'mbali. Ngati mulibe, mbali yokhala ndi timitanda togwira mota ndiko mphepo imatulukira. Awiri aja ndinawaika kutsogolo, kuseri kwa sefa, kuti azikoka mphepo yozizira, ya kumbuyo izitulutsa yotentha. Mphepo yolowa ikachuluka kuposa yotuluka, fumbi silipeza mpata wolowera m'ming'alu ya bokosi. Sefayo ndimaikuntha Loweruka lililonse.

Anzanga amene mukusunga ndalama za kompyuta yanu yoyamba, musaope kutsegula bokosi. Werengani kabuku, werengani kapepala ka pa fani, phatikizani manambala, kenako lumikizani. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi wofunsidwayo amabwera m'katoni momwemo, kwaulere.