Za Cipinda ca Ana, ndi Nchito Imene Tidya Nayo Kwathu

Amai anzanga ndi abambo nonse amene muwerenga kalata iyi mwezi ndi mwezi, mudziwa inu nomwe kuti makolo athu sanali kumanga cipinda ca ana. Khanda linali kugona pamphasa pamodzi ndi amace kufikira litaleka kuyamwa. Likasinkhuka, mtsikana anali kupita kukagona kukuka kwa agogo ace, ndipo mnyamata anali kutsata akuru ace kumphala kapena kugowero. Koma lero ambiri a ife tikhala m'matauni, kutali ndi agogo, m'nyumba za njerwa ndi malata. Ndipo mwana amene kale akadagona pakati pa abale ace asanu, agona yekha kapena ndi mphwace kuseri kwa citseko. Cifukwa ca ici makolo afuna kuti malo amenewo akhale ofunda, osaopsa mwana, ndi okondweretsa maso. M'kufuna kwao kumeneku ndimo mudya banja langa, pakuti ine ndi a m'nyumba mwanga tipanga zokongoletsa zipinda za ana. Ndipo ndati ndikufotokozereni za nchitoyi, zokoma zace ndi zowawa zace zomwe.

Ife tikhala ku Zomba. Cuma cimene ndinayamba naco ndico makina opalasa ndi mapazi amene anandisiyira malemu amai anga aang'ono, a mtundu uja wochedwa ndi dzina la Isaac Singer, munthu wa ku America amene analembetsa makina ace kuboma m'caka ca 1851. Poyamba ndinali kusoka madiresi ndi zobvala za kusukulu monga atelala onse a pakhonde, ndipo zidutswa zotsala ndinali kuziunjika m'thumba, pakuti mtima sunandilole kuzitaya. Tsono mwana wanga wacitatu ali kumsana, cinafika cisanu ca mu June, cimene acidziwa bwino onse amene anagonapo patsinde pa phiri la Zomba. Ndipo posowa ndarama ya bulangete latsopano la akuru ace awiri, ndinalumikiza zidutswa zija ndi kuwasokera copfunda ca mawangamawanga. Nditaciyanika pacingwe, amai a nyumba yoyandikana nafe anacifunsa mtengo. Atatero iwo, anabwera ndi mlamu wao. Ndipo cisanu cisanathe ndinali nditasoka zopfunda zisanu ndi ziwiri. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Lero nchitoyi iri ya banja lonse, ndipo yense ali ndi pace pogwira. Ine ndiyesa, ndidula, ndisoka zopfunda, makatani, nsaru zoyala pakama, matumba opacika kukhoma oikamo mabuku, ndi zidole za nsaru zonga njobvu, kalulu ndi mbidzi. Abambo a kwathu, amene ali mmisiri wa matabwa, akhoma timakama ta ana ndi timashelefu. Apongozi anga, ngakhale maso ao salowetsanso ulusi pasingano, aluka timadengu ta mlaza tosungiramo zidole. Mwana wanga wacisamba, mtsikana, asita ndi kupinda. Mlongo wace ajambula zimene tatsiriza ndi kuziika pa WhatsApp ndi pa Facebook, nayankha ofunsa mitengo, pakuti zala zace zifulumira pafoni koposa zanga. Ngakhale mzime wanga ali ndi udindo, ndiwo kusankhula zidutswa, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha.

Kapena wina wa inu afuna kuyesa nchito yotere. Tsono ndinene za macitidwe ace. Nsaru ya thonje ifota ikakomana ndi madzi koyamba, ndipo zitenje zina zisuluka. Cotero musadule nsaru musanaicape, ndipo yofiira ndi yakuda muziinyika yokha, kuti mudziwiretu khalidwe lace isanadetse inzace. Ine ndigula nsaru zoombedwa ku Blantyre pa fakitale ya David Whitehead, imene a Mapeto anaigula m'caka ca 2003, ndiponso zitenje zimene amalonda abwera nazo kucokera ku Tanzania ndi ku Zambia. Cidutswa ciri conse ndicidula masentimita 12 mbali zonse zinai. Msoko udya sentimita imodzi uku ndi uku, ndipo citsala ca masentimita 10. Motero copfunda ca mwana wa sukulu, ca masentimita 100 m'mimba ndi 140 m'litali, cifuna zidutswa 140. Pansi pace ndiika nsaru yosalemba, pakati bulangete lopepuka la pa kaunjika locapa bwino. Ndipo ndiyendetsa msoko wopyoza zitatu zonsezo, kuti ca pakati cisaunjikane pocapa. Katani lifuna nsaru yotambasuka kuwirikiza kawiri zenera lace, pakuti lopanda makwinya lioneka ngati thumba la ufa.

Koma ziripo zinthu zimene sindisoka, angakhale munthu anditambasulire ndarama. Anamwino a kusikelo atiphunzitsa kuti khanda losakwana caka ligone cagada, pa matiresi olimba, popanda pilo kapena copfunda colemera, cifukwa liribe mphamvu yakucotsa nkhope yace pa cinthu cofewa cikalitseka mphuno. Ku Britain m'caka ca 1991, ndi ku America m'caka ca 1994, analengeza cenjezo limeneli kwa makolo onse, ndipo imfa za makanda ofera kutulo zinacepa kwambiri. Cotero khanda sindilisokera pilo, kapena zotsamira zofewa zozinga kama. Maso a zidole ndiwapeta ndi ulusi, osaika mabatani, pakuti batani likathothoka lipita kukamwa. Katani la m'cipinda ca mwana sindiliika cingwe colendewera. Abambonso atalikitsa timitengo ta m'mbali mwa kama mosapitirira masentimita 6, kuti mutu wa mwana usapanikizike; ndipo safuna penti ya mtobvu, umene uononga ubongo wa mwana woluma thabwa pomera mano.

Tsiku lina anafika mai wina wa pagalimoto, wodwala pakati, nandionetsa pafoni yace cithunzi ca kama wa khanda wa kunja, wodzala ndi mapilo ndi zotsamira, nati, "Amai, mundisokere zonsezi monga ziri, mtengo si kanthu." Ndinamyankha kuti, "Pepani mai, makatani ndi nsaru zoyala ndisoka, ndi copfunda cakuti mwana adzapfunde atakula. Koma pilo ndi zotsamirazo iai." Ndinamfotokozera cifukwa cace, koma iye anayesa kuti ndirikuderera nzeru zace, natseka foni, nacoka. Ndarama imene inapita naye ikadalipira lendi ya mwezi umenewo. Usiku ndinaiwerengera ndithu, sindibisa. Koma ndinagona tulo, popeza mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Za ndarama nazo ziri ndi mau ace. M'nyumba mwathu muli zitini ziwiri, ca mpamba ndi ca ndiwo, ndipo dzanja lotapa m'ca ndiwo siliyandikira ca mpamba, ngakhale pa maliro. Woitanitsa kanthu ayamba wapereka theka la mtengo ndisanagule nsaru. Lamulo ili libvuta koposa pa abale, pakuti mlamu akati, "Mundisokere, ndidzakupatsani pakutha pa mwezi," kumkana kuoneka ngati kudula cibale. Tinapangana ndi abambo kuti mwana ali yense wobadwa mwa abale athu alandire copfunda cimodzi ca mphatso, copanda mtengo. Koma caciwiri agule monga agula onse. Ena anadandaula poyamba, koma cibale ciripobe, ndi mpamba womwe.

Zaka zapitazi zinatiyesa. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo magetsi anacepa m'dziko lonse koposa caka cathunthu; anzanga a makina a magetsi anakhala manja lende masana onse, koma makina akale a amai anga aang'ono analirabe pakhonde, ndi simbi ya makala pambali pace. Pambuyo pace kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Ulusi, zipi ndi zitenje za kunja zinakwera mtengo m'masiku owerengeka. Pamenepo ndinaona kuti nchito yathu ndiyo yoyamba kusiyidwa njala ikalowa m'nyumba, pakuti palibe mai agula katani la njobvu m'mphika mulibe ufa. Cimene cinatisunga ndico kuyendera makhonde a atelala anzanga ndi kugula zidutswa zao pa mtengo wocepa, ndi ngongole yaing'ono ya ku banki m'khonde ya amai a m'dera lathu.

Koma yeso lalikuru silinadze ndi namondwe kapena ndi kwacha. Linadza ndi mwai. Nyumba yathu iri ya zipinda ziwiri zogona, ndipo nyengo ya dzinja nsaru sizingakhale pakhonde. Motero mitolo ya nsaru ndi zomalizidwa zinali kugona m'cipinda ca ana, ana anai napanikizana pa malo otsala. Panalibe kucitira mwina, ndipo anawo sanali kudandaula. Tsono mwini sitolo ina ya ku Limbe anaona zinthu zathu pafoni, natumiza mau akuti afuna zopfunda 40 ndi makatani ace cisanu cisanayambe, ndi kuti tikakwanitsa adzatenga kwa ife caka ndi caka. Taonani, zopfunda 40 ndizo zidutswa 5,600 zodula, zosoka ndi zosita. Ndipo miyezi imeneyo ndiyo imene mwana wanga wacisamba anali kukonzekera mayeso a Sitandade 8.

Mtsikanayo ndiye anayamba kunena, "Amai, bvomerani, ndizisita usiku, ndiziwerenga m'bandakuca." Mau amenewo anandilasa koposa akadakana. Ndipo madzulo omwewo mzime wanga, alikusankhula zidutswa zace, anafunsa mosadziwa kuti alikunena cacikuru, "Amai, kodi ana amene tiwasokera njobvuzi agona ndi mitolo ngati ife?"

Ana atagona, tinakhala pakhonde ndi abambo. Iwo anati, "Amace ana, mwai wotere subwera kawiri, ndarama imeneyi ndiyo ya fizi ya kusekondale ya mwana yemweyu." Ndipo ananena zoona. Ine ndinati, "Abambo, fizi tidzalipirira yani, mwana akakalemba mayeso ali ndi tulo m'maso? Tinayamba nchitoyi kuti itumikire ana. Ana akayamba kutumikira nchito, ndiye kuti tasenza denga pansi, nsanamira pamwamba." Tinayesa za kulemba waganyu, koma makina ali amodzi, ndipo mpamba sukadakwana kugula ena. Tinakambirana kufikira makala a m'mbaula anazima. Potsiriza tinamvana kuyankha mwini sitolo kuti tikhoza 15 zokha, ndi kuti mtsikana asagwire simbi kufikira atalemba.

Mwini sitoloyo sanafune 15. Anapeza wina wa makina ambiri, ndipo sanatifunsenso kufikira lero. Zinthu za mnzathuyo ndaziona m'sitolomo popita kukagula ulusi, ndipo nzosokedwa bwino. Sindinganene kuti sitinataye kanthu; tinataya ndithu, ndipo abambo nthawi zina akumbutsa. Koma m'masabata omwewo iwo anatenga matabwa otsala ndi malata akale, namanga kacisakasa kosadontha kuseri kwa nyumba, ndipo mitolo yonse inasamukira kumeneko. Ana anasesa cipinda cao, napaka laimu. Yense anasankha yekha zidutswa za copfunda cace, ndipo mzime anasankha zofiira zokhazokha. Wacisamba analandira thebulo laling'ono pansi pa zenera, nalemba mayeso ace atagona mokwanira. Kuyambira pamenepo lamulo lacitatu la m'nyumba mwathu ndi ili: mwana wa sukulu agwira nchitoyi Loweruka ndi pa chuthi pokha, ndipo alandira kace kocepa m'dzanja, kuti adziwe kuti thukuta liri ndi mtengo.

Kwa inu amai amene mulibe ndarama yogulira zinthu zonga zathu, ndinena monga wogulitsa amene alikudziononga malonda: musade nkhawa. Cokongoletsa coposa zonse m'cipinda ca mwana ndico neti yopanda ciboo, monga ija apatsa amai oyembekezera kusikelo. Muziipisira pansi pa mphasa kapena matiresi usiku uli wonse, muziicapa mosafikisa, ndi kuiyanika pamthunzi kuti mankhwala ace asathe mphamvu. Pambuyo pa neti, mphasa youma, msomali wopacikapo yunifolomu, ndi katoni yoikamo makope. Zikakwana izi, tengani zitenje zanu zakutha, dulani malo amene akali olimba, ndi kulumikiza ndi singano ya pamanja, zidutswa zisanu usiku umodzi. Pakutha pa mwezi mudzakhala ndi copfunda. Mwana adzazindikiramo citenje cimene munambereka naco, ndipo ndaona ine kuti cotero acikonda koposa ca m'sitolo.

Cisanu cirikuyandikira, ndipo zidutswa zirikundidikira m'cisakasa. Tsalani bwino nonse, ndi ana anu.

Ndine mnzanu,
Mai wa ana anai, Zomba.