Denga likudontha, thupi nalo likudandaula

Mwezi uno kandalama kanga akukalimbirana awiri: denga ndi thupi.

Malata a kuchipinda achita dzimbiri, mvula ikangoyamba timathamanga ndi mabeseni. Kalipentala atakwera anatsika akupukusa mutu, akuti matabwa nawo chiswe chinamaliza kalekale. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kufunsa mtengo wa malata, misomali ndi simenti kumafuna kulimba mtima.

Kuchipatala nako andiuza kuti vitamini B12 wachepa m'thupi. N'chifukwa chake mapazi amachita dzanzi usiku, ndipo kamtunda kakang'ono ndimafika pamwamba ndili wefuwefu. Vitamini ameneyu amathandiza kupanga magazi ndi kusamala mitsempha. Mu nsima, nyemba ndi masamba mulibe. Ali mu nsomba, chiwindi, mazira ndi mkaka. Tsono taonani, munthu ukamasunga ya malata, ndiwo zomwezi ndi zimene umayamba kuchotsa pa bajeti.

Ine ndasankha. Mabowo ndamata ndi phula, malata atsopano adikire chilimwe. Usipa ndi mazira sizichoka pakhomo pano, ndipo jakisoni amene adokotala andilembera ndikubayitsa. Denga likhoza kukonzedwa chaka chamawa, koma mitsempha ikaonongeka kwa nthawi yaitali nthawi zina sichira.

Achikulire, ndi inu amene mwamwa metformin wa shuga kwa zaka zambiri, vutoli limakonda inu. Mukamva dzanzi losatha, kayezetseni magazi musanagule lata ngakhale limodzi.