Mfuti Siibisika Popanda Woisunga

Ife amene tinakulira m'mbali mwa malire kuno ku Machinga, kuyambira ku Nayuchi kukafika ku nyanja ya Chiuta, tinaona ndi maso kuti nkhondo ikatha mfuti zimatsala. Nkhondo ya ku Mozambique inatha m'chaka cha 1992, othawa nkhondo nayamba kubwerera kwawo, koma mfuti za AK-47 zinawoloka malire kubwera kuno. Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida kwa a Payoniya pa Operation Bwezani, ndipo ena mwa iwo anathawira ku Mozambique komweko. M'zaka zotsatira umbanda wa mfuti unakula. Malume anga ankatseka golosale dzuwa likadalipo, ndalama n'kukazigoneka kwa mnansi, ndipo ogula matemba ku Chilwa ankaopa kuyenda okha.

M'chaka cha 1997 apolisi anayambitsa ndondomeko ya chitetezo cha m'mudzi mothandizidwa ndi boma la Britain, ndipo lamulo la apolisi la 2010 linaikhazikitsa m'malamulo. Ine ndimati Boma likamagawa ndalama zothana ndi umbanda liziyambira kumeneku. Amuna olondera usiku afunika matochi, mawenzulo ndi njinga. Galimoto ya apolisi ifunika mafuta, chifukwa ikachedwa ola limodzi mbava zimakhala zitawoloka kale malire.

Anansi athu a ku Mozambique anatisonyezanso njira ina. Kuyambira mu 1995 bungwe la mipingo ya kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linkalandira mfuti n'kupereka makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Iwo anazindikira kuti munthu sataya chida chimene chikumudyetsa ngati sunamupatse china. Kwathu kuno nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, nibwereza kuphwa kwambiri mu 2018. Mnyamata amene bwato lake lakhala pamatope ndiye amene magulu a mbava amafulumira kumukopa. Ndalama zophunzitsira anyamata ukalipentala, utelala ndi ulimi wothirira ndi ndalama za chitetezo ndithu.

Komabe pali ntchito imene Boma silingatigwirire ngakhale litapereka ndalama zochuluka bwanji. Mfuti imagona m'nyumba ya munthu, kudenga kapena pansi pa nkhokwe, ndipo pakhomopo sipalephera wina wodziwa. Mwana wosagwira ntchito akabwera ndi njinga yamoto kapena thumba la mpunga, ife makolo timufunse kumene wazitenga tisanalandire. Akakhala ndi chida, tipite naye kwa amfumu ndi kupolisi chisanaphe munthu. Kunena mwana wa mlongo wako n'kowawa, inde, koma kuposa pamenepo ndi kukamutenga ku chipatala cha ku Liwonde atawomberedwa, kapena kukapepesa maliro a munthu amene iye wamupha. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ana athu tiwatsine khutu ife eni ake, nthawi ikadalipo.