Zuze, José ndi Kaundula wa ku Chifunga

Pa tebulo la mlembi wa mpingo wina ku Chifunga pasowa chinthu chimene chinakhalapo zaka zambirimbiri: kaundula wa chikuto chakuda, uja ankamangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga kuti masamba asabalalike. Pamalo pake pakhala laputopu. Wolemba nkhani ino atafunsa, anauzidwa kuti bukulo lili m'bokosi, chiswe chitadyako ngodya imodzi, ndipo maina onse a obatizidwa analowa kale mu kompyuta. Zinamukhudza mtima, pakuti iye anakula nthawi imene kupeza dzina la munthu pa pepala inali ntchito yolemekezeka, yofuna munthu wamutu.

Inali nthawi ya othawa nkhondo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Frelimo ndi Renamo akumenyana, anthu a ku Tete ankawoloka malire ndi mitolo pamutu, ndipo Chifunga, amene pa nthawiyo anali m'boma la Mwanza, anasanduka msasa. Ena anakakhala ku Luwani ndi ku Lisungwi. Dziko la Malawi linasunga anthu oposa 1 miliyoni, ndipo nkhondoyo inatha ndi pangano la ku Rome mu 1992. Zimenezo aliyense amazidziwa mwapatalipatali. Zimene mwana wa pa Chifunga anaona ndi maso ake ndi mizere: mzere wa ufa ndi nyemba, mzere wa katemera, ndi mzere wina wachisoni wa amayi ofunsa ngati dzina la mwana wawo wotayika lalembedwa kwinakwake.

Kutsogolo kwa mzere wachisoniwo kunkakhala kalaliki wachikulire, cholembera atachipanira kukhutu. Wolembayu, akadali mnyamata, ankakonda kuima pambali pake pochokera kusukulu.

"Mayi, mwanayo dzina lake ndani?"

"Ndi Zuze, bambo."

Mkuluyo ankanyambita chala n'kutsegula pa Z. Akapanda kupeza sankatseka buku. Ankabwerera pa J, podziwa kuti amene analemba kumalire mwina anaphunzira Chipwitikizi ndipo analemba José. Kenako mafunso ankayamba: kwanu n'ku Zóbuè kapena ku Moatize? Mfumu yanu ndani? Chiwongo cha bambo ake n'chiyani? Ali ndi chipsera? Ankadziwa kuti Juwawo ndi João, kuti Malita wa dzulo ndi Marita wa lero, kuti mayi akhoza kulembetsa ndi dzina la mwamuna wake pa buku ili n'kutchula la atate ake pa buku linalo. Dzina likapezeka, nthungululu inkamveka mpaka kumsika. Likapanda kupezeka, iye ankawauza mayiwo kuti abwerenso a Red Cross akabweretsa mndandanda wina, ndipo akabweradi ankawazindikira asanatsegule pakamwa.

Inde, anthu ankaima padzuwa tsiku lonse, mabuku ena ananyowa ndi mvula, ndipo alipo amene sanapezeke chifukwa tsamba linang'ambika. Koma kwa mnyamata uja, zaka zimenezo Chifunga anali pakati pa dziko. Malole ankafika, zilankhulo zinkasakanikirana, Chinyungwe ndi Chisena pamodzi ndi Chichewa, ndipo munthu wodziwa kuwerenga ankafunidwa ndi aliyense.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Neno anakhala boma palokha mu 2003. Mu 2007 bungwe la Partners In Health, limene kuno limatchedwa Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba ntchito m'bomali, ndipo zolemba za odwala zinayamba kulowa mu pulogalamu ya OpenMRS. Ku Lilongwe, a Baobab Health anali atayamba kale kuika makompyuta ongokhudza ndi chala m'zipatala. Onsewo anakumana ndi vuto lomwe lija la kalaliki wa ku msasa: dzina limodzi, kalembedwe katatu. Njira yakale ya Soundex, ya mu 1918, yofananitsa maina potengera kamvekedwe, inapangidwira maina a Chingerezi, choncho akatswiri anachita kukonza ina yoyenera maina a kuno. Pofika 2017, pamene boma linalembetsa nzika kuti zilandire ziphaso za unzika, nambala inali itayamba kulowa m'malo mwa mafunso onse aja.

Amene anatsegula maso a wolembayu pa nkhani ya makinawa ndi mwana wa mlongo wake, mnyamata wophunzira za kompyuta ku Blantyre, yemwenso anathandiza mpingo uja kusamutsa maina. Iye sanalembe yekha makina ofufuzira. Anatenga Lucene, chida chaulere chimene Doug Cutting anachilemba mu 1999 m'chilankhulo cha Java, n'kumachilamula kuchokera ku chilankhulo china cha kompyuta cha Python kudzera mu PyLucene. Mizere yochepa chabe ya Python inkatsegula fayilo, kupereka dzina lililonse kwa Lucene, n'kulandira mayankho.

"Amalume, kompyuta siwerenga buku lonse mukaifunsa," anatero. "Imawerenga kamodzi kokha poyamba, n'kupanga mndandanda wa liwu lililonse ndi malo onse amene likupezeka. Mukafunsa, imangoyang'ana pa mndandandawo."

Zili ngati mlozera wa kumapeto kwa buku la nyimbo za kutchalitchi, kungoti uwu umasunga liwu lililonse, osati mzere woyamba wokha. N'chifukwa chake yankho limabwera munthu asanachotse chala pa batani, kaya maina ndi 500 kapena 5 miliyoni.

Amalumewo anayesa makinawo ndi maina a ubwana wawo. Atalemba Malita ndi kachizindikiro kopempha kuti afufuze zofananako, Marita anatuluka, pakuti asiyana chilembo chimodzi chokha. Atalemba Zuze, José sanatuluke. Mnyamatayo anafotokoza kuti Lucene amalola kusiyana kwa zilembo ziwiri basi pa kufufuza kotere, pamene maina awiriwa asiyana zoposa ziwiri. Palinso vuto lina lalikulu. Lucene amabwera ndi zida zodulira mawu a Chingerezi, Chipwitikizi ndi zilankhulo zina zambiri kuti tsinde lioneke, koma cha Chichewa palibe. Zida zambirizo zimadula kumchira kwa liwu, pamene Chichewa chimasintha kwambiri kumutu: anabatizidwa, sanabatizidwe, adzabatizidwa. Kwa makinawo amenewa ndi mawu atatu osadziwana, pokhapokha munthu atawaphunzitsa.

Apa m'pamene wolembayu amadandaula. Wakhala akuima pa mawindo olembetsera a masiku ano, pamene mnyamata amalemba dzina kamodzi, osakweza n'komwe maso, n'kunena kuti "simukupezeka mu sisitimu, agogo." Magetsi akazima kapena netiweki ikavuta, onse amauzidwa kuti abwere mawa. Gogoyo amabwerera kwawo wapansi, dzina lake lili momwemo, litangolembedwa ndi r m'malo mwa l. Liwiro la makina ndi labwino, ndipo mayi wofunafuna Zuze uja akanasangalala nalo. Chimene chachepa ndi funso lachiwiri ndi lachitatu, limene kalaliki wa ku msasa sankatopa nalo.

Mwayi ulipo. Lucene amalandira mndandanda wa mawu ofanana tanthauzo, kotero kuti munthu akhoza kulemba mzere umodzi wonena kuti Zuze ndi José, wina wonena kuti Juwawo ndi João, ndipo makina amatsatira mpaka kalekale. Mwana wa mlongo wake uja anayamba kale kulemba mndandanda wotere, koma iye anabadwa msasa utatsekedwa, ndipo maina ambiri sawadziwa.

Amene amawadziwa akadalipo m'midzi ya ku Chifunga, ku Lisungwi ndi ku Zalewa: makalaliki opuma, alembi a mipingo, aphunzitsi akale, anyakwawa. Ambiri akalamba. Achinyamata a ku Neno amene mwaphunzira Python, tengani kope ndi cholembera, mukakhale pakhonde pa akuluakuluwa chaka chino, ndipo mipingo isataye makaundula a chikuto chakuda maina onse asanafananitsidwe ndi zimene zili mu kompyuta.