Pansi pa Matterhorn, wapansi, m'chisanu

Galimoto sizilowa m'tauni ya Zermatt. Alamu anga, omwe akhala ku Switzerland zaka zambiri, anasiya yawo ku Täsch, makilomita 5 kumunsi kwa chigwa, n'kumalizitsa ulendo pa sitima. M'tauniyo mumangoyenda timagalimoto tamagetsi tonyamula alendo ndi katundu wawo. Unali mwezi wa Febuluwale, ndipo mphepo yake inali yoluma makutu.

Kutacha tinakwera sitima ya ku Gornergrat. Njanji yake ili ndi mano pakati kuti sitima isatsetsereke, ndipo yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1898. Patatha mphindi 33 zokha tinali pa siteshoni ya pamwamba, mamita 3,089. Sapitwa, nsonga ya Mulanje, ndi mamita 3,002, ndipo amene anafikako amadziwa thukuta lake. Kuno ndinapitirira msinkhu umenewo nditakhala pampando wofunda. Koma mapapo sanamizidwa. Masitepe ochepa chabe, ndinali wefuwefu.

Kumeneko maso amasowa poyambira. Uku Matterhorn, mamita 4,478, yasongoka yokhayokha. Uko Dufourspitze, mamita 4,634, nsonga yaitali koposa m'dziko lonselo. Pansi pake mtsinje wa madzi oundana wa Gorner uli chigonere. Sitinachedwepo. Tinabwerera ndi sitima mpaka pa Rotenboden, mamita 2,815, pomwe pamayambira njira yomwe tinadzera, yotsikira ku Riffelberg.

Ndinkaganiza kuti kuyenda m'phiri nthawi yachisanu n'kwa anthu olimba mtima. Pa njira imeneyi ayi. Chimene chimakuyendetsa ndi ntchito ya anthu amene suwaona. Makina amadutsa n'kutsendera chipale chofewa mpaka kulimba, amasiya timizere tofanana, ndipo m'mbali amazikamo mitengo yopaka utoto wa pinki, umene Aswisi anausankha kukhala chizindikiro cha njira za oyenda pansi m'nyengoyi. Nsapato ikaponda imalira khwa, khwa, osaterereka kwenikweni. Tinapitana ndi gogo wina ali ndi ndodo ziwiri, kenaka bambo akukoka mwana pa kathabwa kotsetsereka.

"Alamu, taonani apa," anatero alamu angawo, n'kubaya ndodo yawo kunja kwa mzere wa mitengoyo. Inalowa pafupifupi yonse. "Mukapatuka, mwendo wanu ulowa chimodzimodzi. Musatengeke ndi kujambula."

Chakumunsi pang'ono kuli kanyanja ka Riffelsee, kotchuka chifukwa chithunzithunzi cha Matterhorn chimaoneka m'madzi ake. Ife tinangopeza bwalo loyera mbee. Madzi anali ataundana n'kukwiririka, ndipo popanda chikwangwani sukanadziwa kuti pali nyanja.

Chodabwitsa n'chakuti kuzizira si kumene kumavutitsa woyenda. Dzuwa la kumeneko ndi laukali, ndipo likawomba pa chipale limabwerera m'maso, moti wopanda magalasi akuda amangotuluka misozi. Mafuta oteteza khungu ndi milomo amafunika ngakhale kwa ife akhungu lakuda. China ndi thukuta. Ukavala chijasi chimodzi chachikulu umanyowa mkati, ndiye ukangoima, malaya onyowawo amakuziziritsa mpaka m'mafupa. Eni dziko amavala zopyapyala zingapo, n'kumavula kapena kuwonjezera, ndipo za thonje sazifuna n'komwe chifukwa sizichedwa kunyowa koma zimachedwa kuuma.

Asanatuluke m'nyumba, alamu anayamba ayang'ana pa foni lipoti la bungwe la SLF la ku Davos, lomwe limayeza kuopsa kwa kugumuka kwa chipale, kuyambira 1 mpaka 5. Chikagumuka chimatsika ngati Napolo, kukokolola chilichonse chili m'njira. Kukaopsa, njira amazitseka, ndipo palibe amatsutsa. Masana tinamva helikopita ikudutsa chakumtunda. Kampani ya Air Zermatt yakhala ikupulumutsa anthu m'mapiriwa kuyambira 1968, koma ntchitoyo si yaulere. Wopanda inshuwalansi amalira kawiri.

Matterhorn inali pamaso pathu njira yonse, ndipo mbiri yake si yokoma. Pa 14 Julayi 1865 gulu la anthu asanu ndi awiri la Edward Whymper linakhala loyamba kufika pansonga. Potsika, mmodzi anaterereka n'kukoka anzake, chingwe chinaduka, anayi n'kufa. Chingwecho chili m'nyumba yosungiramo zakale ku Zermatt. Nditakachiona madzulo ake ndinagwira pakamwa: n'chowonda kwambiri moti sindikanalola kuti chinyamule moyo wanga.

Patatha pafupifupi ola limodzi chinyamukireni pa Rotenboden, tinafika ku Riffelberg, mamita 2,582, miyendo ili njenjenje. Tinadya rösti, mbatatesi yopala n'kukazinga, ndi tiyi wotentha. Mtengo wake ndinausintha m'makwacha mumtima, kenaka ndinaleka kuti chakudya chitsike bwino. Switzerland ndi wodula, sitima ya ku Gornergrat imadya m'thumba, komabe ndalama imeneyo sindikuidandaula.

Inu amene muli ku Ulaya ndipo nyengo yachisanu mumangobindikira m'nyumba, ulendo uwu mungauthe. Pezani nsapato za mano, nyamukani m'mawa chifukwa dzuwa limabisala msanga kuseri kwa mapiri, funsiranitu nthawi ya sitima yomaliza, ndipo musachoke pakati pa mitengo ya pinki.